Ndimakonda mbuzi zanga mpaka kulephera kugulitsa: kodi ndikulakwa?

Funso lachokera kwa mayi wina wa ku Domwe, m'boma la Angónia: "Ndili ndi mbuzi 14. Zonse zinachokera kwa thadzi limodzi limene malemu amayi anga anandisiyira lili kamsoti. Pano lakalamba, mano ayamba kuguluka, laonda, koma limaswabe chaka ndi chaka. Tonde wa m'khola ndi mwana wake yemwe. Mbuzi zanga zonse zili ndi mayina, ndimaziyankhula, ndimazipatsa gaga ndi mkute, ndipo kukazizira tiana ndimagona nato m'nyumba. Komabe dzinja lapitali tiana tinayi tinafa. Abambo akunyumba akuti tigulitse zina, kuyambira yokalambayo, tigule feteleza. Anzanga amandiseka kuti ndasandutsa mbuzi ana. Kodi ndikulakwa? Nanga nditani?"

Mayi, simukulakwa, ndipo anzanuwo asakuchititseni manyazi. Mbuzi imabisa kudwala. Ikamafika pogona osadzuka ndiye kuti yavutika masiku angapo, ndipo kawirikawiri mankhwala amakhala atachedwa. Amene amaiona tsiku loyamba, pamene yangotsalira pang'ono m'mbuyo mwa zinzake kapena yasiya kubzikula masana, ndi munthu amene amadziwa mbuzi iliyonse payokha monga inuyo. Nazonso mbuzizo zimakudziwani. M'chaka cha 2016 ofufuza a pa yunivesite ya Queen Mary ku London anapeza kuti mbuzi ikalephera kutsegula bokosi lokhala ndi chakudya imatembenuka n'kuyang'ana munthu kumaso, kufuna kuti aithandize. Pa yunivesite yomweyo anaonanso kuti thadzi limazindikirabe kulira kwa mwana wake patapita miyezi yambiri chilekereni kuyamwa. Ndiye pitirizani kuziitana mayina. Mbuzi yozolowera dzanja la mwini wake sivuta poimwetsa mankhwala, poidula ziboda kapena poithandiza ikavutika kuswa.

Koma zina mwa zimene mukuchita chifukwa cha chikondi chomwecho ndizo zikukupherani tiana, ndipo tiyenera kuzinena mosabisa.

Kugona ndi tiana m'nyumba kulekeni. Thadzi limaphunzira fungo la mwana wake m'maola awiri oyambirira, pamene likumunyambita. Mukamuchotsa nthawi imeneyo, kumufunditsa chitenje, ana a pakhomo n'kumamulandirana m'manja, mayi wake akhoza kumukana, makamaka ngati ndi msoti woswa koyamba. Komanso kamwana kamene kagona m'nyumba usiku wonse kakhala maola khumi osayamwa, pamene kamayenera kuyamwa pang'onopang'ono kambirimbiri. Choopsa kwambiri ndi kuphonya mkaka woyamba uja, wachikasu, wokhuthala. Kamwana ka mbuzi kamabadwa kopanda chitetezo cha m'thupi, ndipo chitetezo chonse kamachipeza mu mkaka umenewo. Matumbo ake amachilowetsa m'magazi kwa tsiku limodzi lokha, ndipo mwayiwo umachepa ola lililonse. Kayamwe asanathe maola awiri chibadwire. Ka makilogalamu 2 kafunika mamililita pafupifupi 200 tsiku loyambalo. Finyani kaye bere lililonse kuti muchotse kanthu kolimba kamene kamatseka kunsonga, kenaka gwirani mimba ya kamwanako madzulo: ikakhala yophwa, kasayamwe, gwirani mayiyo muyamwitse, kapena mukamire m'kapu yoyera mumwetse ndi botolo. Mchombo uviikeni mu ayodini tsiku lomwelo, chifukwa mchombo wonyowa wokhudza ndowe ndiwo umabweretsa kutupa kwa mawondo patapita sabata imodzi kapena ziwiri.

Nthawi yokhayo yolowetsa kamwana m'nyumba ndi pamene kazizidwa mpaka m'kamwa mwake mwazizira ndipo sikakutha kudzutsa mutu. Kapukuteni, kafunditseni, kaikeni pafupi ndi moto koma osati pamoto penipeni. Musakathire mkaka m'kamwa kali chomwecho, mkakawo umapita m'mapapo. Kakafunda n'kuyamba kuyamwa chala chanu, kabwezeni kwa mayi wake. Kamasiye kapatseni mkaka wa ng'ombe wofunda, pafupifupi mamililita 100 kanayi patsiku sabata yoyamba, n'kumawonjezera kakamakula. Ufa woyera wothira mu tiyi suli mkaka, ndipo umatsegula m'mimba.

Chimene tiana tikufuna ndi khola louma. Kuno kumtunda, ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, mvula ndi yambiri ndipo khola la pansi limasanduka thope kuyambira Disembala. Mangani la m'mwamba, mita imodzi kuchokera pansi, mitengo yoyala pansi pake italikirane sentimita imodzi ndi theka. Ikatalikirana kuposa apo tiana timalowetsa miyendo n'kuthyoka, ikathinana ndowe sizigwa. Mbuzi yaikulu iliyonse ipeze malo osachepera mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Denga lisadonthe. Mbali imene kumachokera mphepo yozizira ya Juni ndi Julaye itsekeni, koma pamwamba pa zipupa musiye mipata. Anthu ambiri okonda mbuzi zawo amatseka khola ponseponse ndi mapepala apulasitiki kuti zifunde, ndipo mpweya wa mkodzo umene umadzaza m'katimo ndiwo umayambitsa chibayo. Lowani m'mawa, muwerame mpaka pamene pamafika mphuno ya kamwana. Maso akakuwawani, mpweya ukuchepa. M'kati momwemo gawani kachipinda koyala udzu wouma, kuti thadzi loswa kumene likhalemo ndi mwana wake masiku atatu kapena asanu. Masabata atatu oyamba tiana tisatsatire amayi awo kutchire. Amayiwo adye pafupi, abwere masana kudzayamwitsa. Ndowe za pansi pa khola zisesedwe sabata iliyonse n'kuunjikidwa pamthunzi kuti ziwole. Manyowa amenewo abambo akunyumba adzawayamikira kumunda, chifukwa amathandizana ndi feteleza yemwe akufunayo.

Tiana tofa m'dzinja nthawi zambiri timaphedwa ndi njoka za m'mimba, ndipo apa tikhalitse pang'ono. Mbuzi mwachibadwa imadya m'mwamba, masamba ndi mphukira za mitengo. N'chifukwa chake mbuzi za kuchigwa, ku Changara, Marara ndi Cahora Bassa, zodya masau, malambe ndi masamba a mitengo ya minga kudera louma, sizivutika ndi njoka monga zathu, ndipo nyama yake ndi yomwe inatchuka ndi dzina lakuti Cabrito de Tete. Kwathu kuno m'dzinja mbuzi timazimangirira poopa minda, ndiye zimakakamizika kudya msipu waufupi wonyowa pamalo pomwe zanyera. Mazira a njoka amatuluka ndi ndowe, ndipo kukakhala kofunda ndi konyowa, isanathe sabata tinjoka timakhala titakwera pa udzu, makamaka masentimita 10 a m'munsi, kudikira kudyedwa. Njoka yoopsa kwambiri imayamwa magazi m'chifu. Mbuzi yogwidwa nayo kawirikawiri sitsegula m'mimba n'komwe. Imangofooka, ubweya n'kuyimirira, pansi pa chibwano n'kutupa madzi, kenaka n'kufa.

Kuyambira Disembala mpaka Epulo, masabata awiri alionse tsitsani chikope cha m'munsi cha mbuzi iliyonse padzuwa, muone m'kati. Kofiira ndi bwino. Kotuwirako, mwetsani mankhwala. Koyera, mwetsani tsiku lomwelo ndipo mbuziyo isayende mtunda. Musamwetse khola lonse mwezi uliwonse pongofuna kuzisamala, chifukwa kutero kumapha njoka zofooka n'kusiya zolimba, ndipo pakapita zaka zochepa mankhwalawo amaleka kugwira ntchito pakhomo panu. Mwetsani zotuwa m'maso, tiana tongoleka kuyamwa, ndi mathadzi ongoswa kumene. Muyeso wa mankhwala umatsata kulemera, ndiye ikani mbuzi m'thumba muipime pasikelo ya chimanga, musamangoyerekeza ndi maso. Pa mankhwala ambiri a njoka mbuzi imafuna muyeso woposa wa nkhosa wolembedwa pabotolo, choncho funsani tekiniko (mlangizi) wa ziweto wa ku SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, ku Ulongwe akuuzeni woyenera. Mankhwala a njoka otchedwa albendazole musapatse thadzi limene langotenga bere, mwezi woyamba ndi theka, amatha kuwononga mwana m'mimba. Mankhwala oyalidwa padzuwa pamsika, opanda tsiku lothera ntchito, asiyeni.

Pomangirira, dikirani mame akamuke. Chingwe chikhale cha mamita anayi kapena asanu, chomangidwa pakhosi ndi mfundo yosathina, osati kumwendo. Chikhomo chisunthidwe kawiri patsiku, pakhale mthunzi, ndipo pamalo pamene mbuzi zadya musabwererepo usanathe mwezi ndi theka. Kudambo kokhala madzi ndi nkhono musamangirireko, kuli njoka za m'chiwindi. Ngati malo ndi ochepa, kuli bwino kudula nsenjere, masamba a nandolo, kholowa ndi lukina n'kuzipachika m'khola pamwamba, kuti zisapondedwe. Lukina asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse. Madzi oyera apatsidwe tsiku lililonse, ngakhale m'dzinja: malita atatu mpaka asanu pa mbuzi yaikulu, ndipo yoyamwitsa imafuna oposa apo.

Tiana ta masabata atatu mpaka miyezi isanu tikamatsegula m'mimba zakuda kapena zamagazi, kawirikawiri ndi tizilombo tina ta m'matumbo tochokera m'khola lonyowa ndi m'zomwera zodetsedwa. Mankhwala a njoka sapha tizilombo timeneti, amafunika a mtundu wa sulfa. Podikira tekiniko, mwetsani madzi a ORS omwe timapatsa ana, ndipo tisaleke kuyamwa. Gulaninso choyezera kutentha kwa thupi ku famasi. Mbuzi yabwino imakhala pakati pa madigiri 38.5 ndi 40, kuyezera kumbuyo. Ikapyola pamenepo, n'kumayenda mokweza miyendo, kupenyetsetsa, kugwa n'kumapalasa mutu utapindikira kumbuyo, ganizirani matenda obwera ndi nkhupakupa zamawangamawanga zija zobisala pakati pa ziboda, kunsi kwa mchira ndi kubere. Jakisoni wa oxytetracycline amachiza akabayidwa msanga, mbuzi isanayambe kugwa. Wa 20% wogwira nthawi yaitali amakhala mililita imodzi pa makilogalamu 10 alionse. Mbuzi yobayidwa isaphedwe kapena kugulitsidwa kuti idyedwe asanakwane masiku olembedwa pabotolo.

Za gaga ndi mkute. Chifu chachikulu cha mbuzi chimagwira ntchito ndi tizilombo tabwino togaya masamba ndi udzu. Mukathiramo chimanga, ufa kapena nsima yambiri mwadzidzidzi, m'chifumo mumasasa, tizilombo tabwino timafa, mbuzi imasiya kudya, imatupa kumanzere, imatsegula m'mimba zonunkha mosasa, ndipo ikhoza kufa m'masiku awiri. Gaga si woipa, koma ali ndi muyeso ndiponso eni ake. Woyenera kulandira ndi thadzi la bere m'masabata asanu ndi limodzi omaliza ndi loyamwitsa miyezi iwiri yoyamba: yambani ndi dzanja limodzi, muwonjezere pang'onopang'ono kwa sabata mpaka magalamu 200 kapena 300 patsiku, ogawidwa kawiri, mbuzi itadya kale masamba. Tonde ndi mbuzi zofula zikamadya gaga wambiri tsiku ndi tsiku zimachita timiyala m'njira ya mkodzo, n'kumakankha osakodza. Mkute wochita nkhungu, gaga wowola ndi makoko aawisi a chinangwa chowawa musapatse chiweto chilichonse. Mbuzi ikaba chimanga n'kukhuta, ichotsereni gaga yense, ipatseni udzu wouma, imwetseni soda supuni yaikulu imodzi yosungunula m'kapu ya madzi, ndipo itanani tekiniko. Ikatupa chifukwa cha msipu wanthete, mafuta ophikira mamililita 50 mpaka 100 omwetsa pang'onopang'ono amathandiza, n'kumaiyendetsa. Mbuzi zozolowera pakhonde zimadyanso mapepala apulasitiki, makamaka a mchere ndi mafuta. Mapepalawo amaunjikana m'chifu, mbuzi n'kumaonda chonsecho ikudya, ndipo palibe mankhwala ake. Sesani pabwalo, ndipo m'khola muikemo mchere wonyambita kuti zisamaufune m'zinyalala.

Tonde wanuyo achoke chaka chino. Akukwera mayi wake, alongo ake ndi ana ake omwe. Kukwerana pachibale kotere kumabala tiana tating'ono, tofooka, tochedwa kuimirira, ndipo tikakumana ndi dzinja sitilimba. Sinthanani ndi mlimi wa mudzi wakutali, kapena mugulitseni mugule wina. Tonde asakhale m'khola limodzi kupyola chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ndipo mmodzi amakwanira mathadzi 25 mpaka 30, ndiye mabanja angapo akhoza kusonkherana. Watsopano akhale payekha masabata atatu kapena anayi, amwe mankhwala a njoka, achotsedwe nkhupakupa, muone ngati alibe mphere kapena zilonda za pamilomo. Ngati akuchokera boma lina, tengani chiphaso choyendetsera ziweto ku SDAE. Musathamangire tonde wamkulu wa mtundu wa Boer chifukwa chokongola m'maso. Mbuzi zathu za Landim zimapirira matenda ndi njala kuposa iyeyo, ndipo ana ake amafuna chakudya ndi mankhwala ochuluka. Tiana tatimuna timene simukufuna kuti tidzakhale atonde tifulidwe tisanakwane miyezi itatu, chifukwa pa miyezi inayi kapena isanu tina timayamba kale kukwera. Ndipo ana a pakhomo asamasewere n'kamtonde mokankhana nako mutu. Kakakula sikaiwala, ndipo kamadzagunda anthu. Misoti nayo isakweredwe isanakwane miyezi 10 mpaka 12. Bere la mbuzi ndi masiku pafupifupi 150, choncho mukhoza kuwerengera kuti tiana tisabadwe pakati pa mvula ya Januwale ndi Febuluwale. Tonde akakwera mu Novembala kapena Disembala, tiana timabadwa mu Epulo ndi Meyi, mvula ikutha, chakudya chili chambiri.

Tsopano thadzi la malemu amayi anu. Litsegulani kukamwa muone. Mbuzi ilibe mano akutsogolo m'mwamba, ili ndi asanu ndi atatu m'munsi, ndipo onse amakhala atasintha kukhala akuluakulu ikamakwana zaka zinayi. Kuyambira zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu amayamba kutalikirana, kugwedera ndi kuguluka. Mbuzi yotere imalephera kubudula udzu waufupi ndi kukungudza makungwa, ndiye imachoka kubusa mimba isanakhute, ndipo m'khola zinzake zimaikankha pa chakudya. Gwiraninso pamsana, kuseri kwa nthiti yomaliza. Mafupa akamabaya dzanja, zala n'kumalowa pansi pake mosavuta, mbuziyo yatha thupi. Thadzi lotere likatenganso bere, mwana amakula ndi mnofu wa mayi wake. M'masabata omaliza limatha kugona osadzukanso, makamaka ngati ali mapasa, ndipo likaswa mkaka umakhala wochepa. N'kutheka kuti tina mwa tiana timene munataya tinali take. Chifundo choyamba chimene mungalichitire ndi kulichotsa kwa tonde, ndipo pa ichi musazengereze.

Kulisunga mpaka life lokha ndi ufulu wanu. Pakhomo pa mbuzi 14, kusunga imodzi chifukwa cha amene anakupatsani si kuwononga chuma, ndipo abambo akunyumba akhoza kumvetsa mukawaonetsa kuti ndalama ya feteleza ichokera kwina. Ndiponso thadzi lokalamba loonda ndilo lotsika mtengo m'khola lonse, kuligulitsa sikungakufikitseni patali. Koma kulisunga kuli ndi ntchito yake. Lidye palokha, kawiri patsiku, chakudya chofewa: masamba a nandolo, kholowa, nsenjere yanthete yoduladula, masangwi a mtedza onyowetsa pang'ono, ndi gaga dzanja limodzi. Ligone pouma, pafupi ndi mbuzi imodzi yofatsa, chifukwa mbuzi yotsekeredwa yokha imalira n'kusiya kudya. Ziboda zidulidwe miyezi iwiri kapena itatu iliyonse poti siliyenda mtunda wozidya, ndipo maso ake aonedwe kawirikawiri chifukwa zokalamba zimagwidwa njoka msanga. Makwerero a khola akhale osatsetsereka kwambiri, kapena mulikonzere malo ouma pansi.

Gwirizanani ndi abambo kusadafike tsikulo kuti malire ake ndi ati. Likafika polephera kudzuka lokha masiku awiri, kapena likukana chakudya chimene limakonda, kapena likukukuta mano chifukwa cha ululu ndipo mankhwala sakuthandiza, kulisungabe ndi kulizunza. Apo aitanidwe munthu wodziwa, wa mpeni wakuthwa bwino, achite mofulumira, kutali ndi zinzake, popanda kulithamangitsa kapena kulikoka. Simukuyenera kukhalapo ngati mtima sukulola. Nyama ya mbuzi yofa yokha, kapena yophedwa ikudwala matenda osadziwika, kapena imene yabayidwa jakisoni posachedwa, isadyedwe. Ndipo pakali pano sankhani mwana wake wamkazi mmodzi kapena awiri abwino koposa, a msana wotambalala, bere lofewa la nsonga ziwiri zofanana, osadwaladwala. Amenewo ndiwo asagulitsidwe, mtundu wa amayi anu upitirire mwa iwo.

Pa nkhani yogulitsa zina, abambo akunena zoona, ndipo chifukwa chake si feteleza yekha. Mbuzi ya makilogalamu 30 imadya chakudya chouma pafupifupi kilogalamu imodzi patsiku. Tinene kuti mbuzi zanu 14, zazikulu ndi zazing'ono, zikufanana ndi zazikulu khumi. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, masiku pafupifupi 120, zifunika makilogalamu 1,200. Mapesi a m'minda akatha kapena kutenthedwa, chakudya chimenecho chichokera kuti? Khola likadzaza kupyola chakudya ndi malo, zoyamba kuvutika ndi tiana ndi mathadzi a bere, zomwe mumazikonda kwambirizo. Mukangokolola, sonkhanitsani masangwi a mtedza, a nyemba ndi a soya, makoko a nandolo ndi udzu wouma bwino, muziike pathandala pamthunzi posafika mvula ndi chiswe. Mukatero werengani kuti zikwanira mbuzi zingati. Zotsalazo ndizo zogulitsa.

Zoyamba kupita zikhale tonde uja, zofula zonse zimene zakwana chaka kapena chaka ndi theka, thadzi limene lapita chaka chathunthu lili ndi tonde koma osatenga bere, limene lataya bere kapena kukana mwana kawiri, la bere louma mbali imodzi, ndi mbuzi imene mumaimwetsa mankhwala a njoka kawirikawiri kuposa zinzake. Yomalizayi ambiri amaikonda chifukwa aisamala nthawi yaitali, koma ndi yomwe imamwaza mazira ambiri a njoka pamsipu, ndipo kufooka kwakeko imapatsira ana ake. Kuti musankhe ndi umboni, sungani kope: dzina la mbuzi, mayi wake, tonde amene anakwera, tsiku loswa, ana angati, angati anafika posiya kuyamwa, mankhwala ndi tsiku lake. Poti zanu zili kale ndi mayina, ntchito imeneyi kwa inu ndi yopepuka. Musadikire Novembala, pamene mbuzi zaonda ndipo aliyense akugulitsa kufuna feteleza, kapena Febuluwale wa njala. Gulitsani pakati pa Meyi ndi Julaye zili zonenepa, ndalamayo muisunge kapena mugulire feteleza nthawi yomweyo. Zofula ziwiri mukhoza kuzidyetsa bwino n'kuzisungira Khirisimasi, pamene ofuna nyama amachuluka. Ngati pali ina imene mtima ukukana kuigulitsa koma malo akuchepa, iikizeni kwa mbale wodalirika, mugwirizane za kagawidwe ka ana pamaso pa mboni.

Amayi ambiri amene amakonda ziweto zawo amapepukidwa mtima akasankha kuyambira pobadwa kuti izi ndi zosunga, izi ndi zogulitsa. Zogulitsazo zisamalidwe mofanana, koma musazizoloweze pakhonde kapena kuzidyetsa m'manja. Pa tsiku logulitsa, mbuzi imwe madzi isananyamuke, iyende m'mawa kusanatenthe. Ngati ikukwera njinga kapena njinga yamoto, igone m'dengu kapena pabolodi loyala thumba, mutu uli m'mwamba, miyendo yomangidwa ndi nsalu mosathina, osati ndi waya kapena mphira. Muli ndi ufulu wokana wogula amene akuikoka ndi mwendo umodzi kapena kuinyamula ndi nyanga. Thadzi la bere lalikulu kapena loyamwitsa mwana wosakwana miyezi itatu lisagulitsidwe.

Nanunso mudziteteze. Mbuzi ikataya bere, musagwire mwana wakufayo kapena zotuluka pambuyo ndi manja opanda kanthu. Valani pepala lapulasitiki, zikwirireni mozama pomwe agalu sangafukule, sambani ndi sopo, ndipo thadzilo likhale palokha masabata atatu. Ena mwa matenda otayitsa bere amagwiranso anthu, ndiye mayi woyembekezera asathandize mbuzi kuswa kapena kusesa pamene yaswera. Mkaka wa mbuzi uwire kaye musanamwe. Zilonda za nkhanambo pamilomo ya tiana zimapatsira ku zala za munthu, choncho pozipaka mankhwala valani chotchinga m'manja, ndipo ana asatipsompsone. Ngati chimene chimakuchititsani kulowetsa ziweto m'nyumba ndi akuba kapena afisi, khola limangidwe pafupi ndi zenera la kuchipinda, chitseko chake chikhale cha loko, makwerero azichotsedwa usiku, ndipo mbuzi iliyonse ikhale ndi chizindikiro cha pakhutu chimene a mfumu ndi anansi anu akuchidziwa.